Nkhope ya Agogo pa Mtengo wa Mopu

Fungo la majekete onyowa akuuma pa hita limandibwezabe ku kanyumba kathu ka ku Croydon, kutsidya kwa nyanja, m'nyengo yozizira imene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala awiri, ine ndi mayi, pamwamba pa shopu ya nsomba. Mawindo ankachita thukuta, ndipo tiramu, sitima yoyenda mumsewu, ikamadutsa makapu ankagwedezeka m'kabati. Mayi ankasamalira okalamba ku Lewisham, pobwera manja awo ankanunkhira sopo wa kuchipatala.

Mu Novembala agogo, bambo awo a mayi, anamwalira ku Ntcheu. Mayi sakanatha kupita. Pasipoti yawo inali ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka, nyumba yaitali imene tinkaidutsa tsiku lililonse, ndipo anauzidwa kuti akangotuluka m'dziko, pempho lawo lokhala kuno lafera pomwepo. Maliro anawamvera pafoni, atakhala pansi m'khitchini, chitenje m'chiuno. Nyimbo za kumanda zinkadukaduka. Sanalire mokweza poopa oyandikana nawo nyumba. M'mawa mwake anavala yunifolomu kukasambitsa abambo a eni ake.

Sabata yotsatira kalasi yathu inapita kunyumba yosungiramo zinthu zakale. Kumeneko ndinaona mitengo yosema ya anthu a mtundu wa Asmat, a pachilumba cha New Guinea. Inali yaitali yopweteketsa khosi: anthu owonda atapondana pamapewa, opakidwa zoyera ndi zofiira, pamwamba chinthu chonga phiko chitatulukira kutsogolo. Wotionetsa anati aliyense wosemedwapo anali wakufa weniweni, wa dzina lake. Mudzi unkasonkhana, kusema, kuimba ndi kuvina, kenako mtengowo n'kukausiya kunkhalango kuti uwole, wakufayo apite. Anzanga ankaseka umaliseche wa zosemazo. Ine ndinatolapo chimodzi chokha, kuti pali njira yoperekezera maliro ngakhale mtembo uli kutali.

Ndinali mwana waliuma. Nditafika kunyumba ndinazula mtengo wa mopu n'kutenga kampeni kosendera mbatata. Agogo ndinali ndisanawaonepo, ndipo pachithunzi chimodzi chimene tinali nacho chipewa chinawaphimba mpaka pamphuno. Koma ndinkamva kuti mayi anatengera nkhope ya bambo awo, choncho ndinayamba kuwayang'anitsitsa akamadya, akamasita, akamasinza pampando nsapato zili kuphazi. Ndikaweruka ndinkasema asanabwere, zipalapala n'kuzibisa m'sokosi. Mtengowo unali wouma gwa. Ndinadzicheka chala kawiri, n'kunamizira chitseko.

Patatha masabata awiri, Loweruka masana, ndinawapatsa mayi mtengowo ali pakati posita.

"Ichi n'chiyani, Tadala?"

"Ndi agogo. Tikawasiye ku paki, awole, apite," ndinatero m'Chichewa changa chotsimphina.

Anaimika simbi. Anautembenuza mtengowo pang'onopang'ono, chala chawo chikutsata masaya olowa, maso akuya, ndi pakamwa pamene ndinangocheka mzere umodzi wotseka.

"Wamuona kuti iwe munthu ameneyu?"

"Pa inu."

"Mwana wanga, ife zimenezi sitichita. Ndili ndi shifiti folo koloko, basi indisiya. Nanga tsopano ndizikolopa ndi chiyani?"

Anauika pamwamba pa kabati, pamene sindikanafikira ngakhale nditakwera mpando, n'kutuluka. Ndinalira ndi mkwiyo, komanso ndi manyazi. Ndinali nditachita zonse zimene manja anga akanatha, ndipo palibe chinasintha. Agogo sanaperekezedwe, mayi anapitiriza kudya ataimirira, envelopu ya pasipoti yochokera ku ofesi ija sinabwere. Inadzabwera mu Epulo, kumudzi atameta kalekale, udzu utamera pamanda.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti mayi anakana chifukwa ndinasema moipa, ndipo ndinkadziuza kuti ndikanakhala ndi mpeni wabwino zikanatheka. Lero ndikudziwa kuti ndinasema molondola kuposa mmene ndinkafunira. Ndinawapatsa nkhope yawo yomwe, mmene inalili miyezi imeneyo, pamtengo wa akufa. Ndikudziwanso chimene sindinamvetse kwa wotionetsa uja: mtengo wa Asmat superekeza munthu pawokha, woperekeza ndi mudzi umene wauzungulira. Maliro n'kulirana. Mayi ankasowa anthu, ndipo m'nyumba monsemo munali ine ndekha.