Zitsekerero m'piyano ya Madamu Zala

Ndivomere pachiyambi pomwe kuti ndine ndinayambitsa, chifukwa mpaka lero kusukulu kwathu kuli anthu amene amaganiza kuti Madamu Zala anachita kukonza okha. Ayi ndithu. Zitsekerero za mabotolo zija ndinatola ndine kuseri kwa magolosale pamsika wa Zingwangwa, ndinaziboola ndine ndi msomali, ndinazitunga pa waya ndine. Ndinali Fomu 2, zaka khumi ndi zinayi, mutu wodzaza ndi zinthu zimene sizibwera pa mayeso.

Dzina lenileni anali nalo, koma ife tinkawatcha Madamu Zala chifukwa zala zawo sizinkakhala chete. Ngakhale akutiphunzitsa Chingerezi, zinkangoyenda patebulo ngati zikusaka chinthu chotayika. Anali mayi wamfupi, wa imvi, woyenda mwachangu. Kale, ife tisanabadwe, ankaimba piyano m'mahotela m'tauni muno, mkazi yekha pakati pa amuna a bandi. Kenako anapita ku Joni, kumene anakhala zaka zambiri akuimba jazi ndi kupeka nyimbo zawozawo. Anabwerera kudzasamala mayi awo atadwala. Piyano anabwera nayo pa lole, koma inakana kulowa pakhomo la nyumba yawo, ndiye anaiika kusukulu, m'kachipinda koyandikana ndi laibulale. Pamwamba pake panali mulu wa makope odzaza nyimbo zolemba pamanja.

Ine ndi iwo tinayambana pa nkhani ya desiki. Tsiku lina ndinkaomba desiki ndi mapeni awiri iwo akulemba pabolodi. Anatembenuka osakwiya n'komwe.

"Dalitso, ukafuna kuchita phokoso uzichita lolongosoka. Ukuthamangira kuti? Woitanira minibasi ya ku Limbe akukuposa, iye uja amadziwa popumira."

Kalasi yonse inagwa ndi phwete, atsikana omwe. Akanandimenya, bwenzi nditaiwala tsiku lomwelo. Koma kundiseketsa pamaso pa atsikana, ayi, imeneyo sinkanatha chomwecho.

Teremu imeneyo ahedi anali atalengeza kuti m'kachipinda muja mulowa makompyuta, piyano ichoke. Madamu analibe kwina koiika. Anapempha chinthu chimodzi, kuti pa tsiku lotsekera sukulu aimbe nyimbo yawo imodzi pamaso pa makolo, kenako komiti ya makolo igamule yokha ngati piyanoyo itsale. Ambiri a m'komitimo anali akulu a mpingo, amene ankanena poyera kuti jazi ndi nyimbo za kumowa. Zonsezi ndinkazidziwa. Sindinama kuti sindinkadziwa.

M'mawa wa tsikulo anafuna anyamata onyamula piyano kupita nayo ku holo. Ndinali woyamba kukweza mkono, mpaka ahedi anandiyang'ana kawiri. Anzanga atatuluka kukatenga mabenchi, ndinatsegula chivindikiro chapamwamba ndi kulendewetsa waya wanga mkati, zitsekerero zikukhudza nsambo zikuluzikulu za kumanzere. Ndinadina kiyi imodzi pang'onopang'ono. Inalira kuti dzrrr, ngati lata loguluka msomali tsiku la mphepo. Ndinatseka, n'kupita kukathandiza mabenchi ngati mwana woleredwa bwino.

Masana holo inadzaza. Kunatentha, amayi akudzikupiza ndi malipoti a ana awo, fungo la sopo ndi polishi wa nsapato lili tholo. Amayi anga anakhala mzere wachitatu. Madamu anabwera atavala diresi yobiriwira imene tinali tisanaionepo. Ananena mawu ochepa, kuti nyimboyo anapekera malemu mayi awo, amene ankagulitsa nsomba zouma pamsika womwe uno. Anakhala pansi n'kuyamba ndi dzanja lamanja lokha, mofewa, mpaka makanda anasiya kulira. Kenako dzanja lamanzere linatsika.

Dzrrr.

Anyamata akumbuyo anaphulika ndi kuseka. Ahedi anagwira kumaso. Wapampando wa komiti, bambo wamkulu wa jekete lakuda ngakhale kunja kunkatentha chomwecho, anayang'ana anzake ngati akuti, mwaona? Ine ndinaluma kolala ya shati kuti ndisamveke.

Madamu anasiya kuimba. Ndinayembekeza kuti adzuka, atsegule chivindikiro, akalipe, kapena alire. Sanadzuke. Anapendeketsa mutu n'kudinanso kiyi yomweyo. Dzrrr. Anadina yoyandikana nayo, kenako ina, akukwera imodziimodzi mpaka anapeza pamene phokosolo likuthera. Ankamvetsera ngati nesi akumva mtima wa wodwala. Kenako ndinaona chinthu chimene chinandiopsa: anamwetulira.

Anayambanso, koma sinalinso nyimbo yofewa ija. Dzanja lamanzere linkagunda dala makiyi ophokoserawo, mwa kamvekedwe ka mabanjo opanga pamanja aja amene anyamata amaimba pamsika Loweruka. Lamanja linkathamanga pamwamba, kuchoka pa nyimbo ya mayi awo, kusochera, kubwereranso pomwepo ngati silinachoke. Kuseka kunatha kokha. Ndinaona nsapato ya wapampando ikuyamba kugunda simenti, mwini wake nkhope ili gwa ngati nsapatoyo si yake. Mayi wina kumbuyo anaimba nthungululu, ndipo ena anayamba kuomba m'manja. Madamu anawasiyira mpata, manja aombe okha, kenako n'kulowanso. Pamene ankamaliza, thukuta linali litanyowetsa diresi yonse kumsana.

Ine pamenepo mtima unali utawawa, koma osati chifukwa cha chisoni. Wapampando anaimirira n'kunena kuti iye ankayesa jazi ndi zinthu zachilendo, koma izi ndi zomwe anakula akumva kwawo ku Thyolo. Anati piyano isachoke, makompyuta apezeredwe malo ena. Kenako anayamikira Madamu chifukwa cha nzeru yawo yoiphunzitsa piyano kulira ngati banjo.

Nzeru yawo? Ine ndinatha masiku atatu ndikuboola zitsekerero, chala chinatupa ndi nyundo, ndiye ulemu upite kwa wina? Ndinangozindikira ndaimirira.

"Bwana tcheya, pepani, zitsekererozo ndi zanga!"

Amayi anga anafuula ali pamzere wachitatu pomwepo: "Mayo ine! Dalitso, khala pansi, wandivula!"

Mu ofesi ahedi sanataye nthawi. Anagamula kuti ndikumbe dzenje la zinyalala kuseri kwa zimbudzi, lakuya mpaka m'khosi mwanga, sabata yoyamba ya holide. Madamu anali pomwepo, waya wanga uli m'manja, akuwerenga zitsekerero ndi chala.

"Waika zambiri," anatero. "Zisanu ndi chimodzi zikanakwana. Ndipo wamanga momasuka kwambiri."

"Madamu, simunakwiye?"

"Ndinakwiya, mwana iwe. Ukanandichotsera piyano yanga lero. Koma ndaimbapo pa mapiyano oipa kuposa apa. Ina makiyi atatu sankalira n'komwe, anthu adzaza, amuna a bandi akungodikira kuti mkazi alephere. Pamenepo sufunsa kuti walakwa ndani. Umamvetsera kaye chomwe chalira, kenako n'kuona pochiika."

Anapempha ahedi kuti ndikatha za dzenje, sukulu ikatsegulira andipereke kwa iwo Lachitatu lililonse masana, ndizikakhala pambali pa piyano ndi kusunga nthawi ndi mapeni anga awiri mpaka ndiphunzire popumira.

Pano ndili Fomu 4, ndipo Lachitatu ndimapitabe, ngakhale chilango chinatha kalekale. Chomwe ndachimvetsa n'chakuti tsiku lija ndinapita kukachititsa manyazi munthu amene anthu akuluakulu kuposa ine anayesa kale n'kulephera. Koma kupepesa ndiye sindinapepese, ndipo iwo sanandifunsepo. Nyimbo ija anailembanso m'kope latsopano, ndipo pakona anajambulapo kachitsekerero.

Dzenje ndinakumba masiku anayi, ndikuimba nyimbo yomweyo, khasu likugunda pamalo a dzanja lamanzere. Tsiku lachitatu Madamu anadutsa ndi jumbo ya tomato, n'kuima pamwamba pa dzenje kumvetsera.

"Ukuthamangabe," anatero.

Ndinachepetsa liwiro la khasu. Ahedi anadandaula kuti ndikuchedwa, ndinawauza kuti akafunse Madamu.