Fupa la Ng'ombe ndi Mawu Akuti Safari

Mpaka lero ndikamva fungo la chingwe cha khonje chonyowa, ndimakumbukira fupa la ng'ombe la kusukulu kwathu ku Lufita. Aphunzitsi athu a Sitandade 7, a Mbewe ochokera ku Dedza, ankalikoleka m'khosi mwa aliyense wolankhula chilankhulo china kupatula Chingerezi. Amene Lachisanu lamupeza nalo ankatchetcha udzu Loweruka.

Chaka chimenecho kunazizira koopsa. Mphepo ya mu Juni inkalowa m'mawindo opanda magalasi, ife miyendo ili mbuu, milomo yong'aluka. Koma mitima inali m'mwamba, chifukwa Loweruka lina tinkayenera kukwera lole kukasewera ntchemberembaye ku Wenya. Ine ndinali womwetsa zigoli, ndipo galimoto ndinali ndisanakwerepo.

Lachisanu lake pakamwa panandipereka. Ndikucheza ndi anzanga m'Chingerezi changa chothyokathyoka, ndinatchula ulendowo kuti safari, monga ankanenera bambo anga akamamangirira nyemba panjinga kupita nazo kumalire a Tanzania. Lusekelo, amene anali ndi fupalo, anachita kulumpha madesiki awiri kudzandiveka. "Chiswahili icho!"

Ndinalira mosabisa. Ndinakanirira kuti mawuwo ndi a Chingerezi, ngakhale mumtima ndinkadziwa kuti ndikunama. A Mbewe anatulutsa dikishonale yawo yopanda chikuto kuti anditsutse pamaso pa onse. Ananyambita chala, natsegulatsegula, kenako chala chinaima pamzere wina. Mawuwo analimo! Anawerenga pang'onopang'ono kuti Angerezi anawatenga kwa Aswahili, Aswahili nawo anawatenga kwa Aluya, kumene safar ndi ulendo.

"Aaa, koma abale! Mwanayu sanalakwetu," anatero, m'Chichewa cha ku Dedza chenicheni.

Kalasi yonse inaphulika. Lusekelo anandivula fupa lija, nagwada bwinobwino, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Iwo anaseka mpaka misozi, nalivala pamwamba pa tayi. M'mawa mwake lole ikunyamuka, tinawaona kuseri kwa ofesi atapinda buluku, chikwakwa chili m'manja, ndipo tinawaimbira mpaka lole itakhota.

Nthawi imeneyo ndinkangoti ndapulumuka ndi bodza. Bambo anga anamwalira akudandaula kuti sadziwa Chingerezi ngakhale liwu limodzi. Lero ndimalakalaka ndikanathamangira kunyumba tsiku lija kukawauza kuti limodzi ankalidziwa, ndipo Angereziwo anachita kubwereka.