Sanda ya amalume yatsala pamsewu

Salamu nonse. Amalume ku Ntaja awayika ife tisanafike.

Tinanyamuka ku Balaka ndi amayi pa galimoto ya achimwene a Yusufu. Titangodutsa Nsanama inayamba kutsamwa ndi kutulutsa utsi wakuda, kenako inazima.

Makaniko amene tinamuitana atatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya, fyulutayo munalibe. Munali chidutswa cha neti ya udzudzu, chofiira ndi fumbi. Fyuluta yakale itatsekeka, achimwene anangoitaya n'kuikamo netiyo, osagula ina. Injini yakhala ikumeza fumbi, ndipo yaferatu.

Amayi anangokhala pansi m'mbali mwa msewu, sanda yomwe anagula kuti akakulungire mlongo wawo ili pamiyendo. Amalumewo awakulunga m'nsalu ya eni.

Abale, sanda imeneyi titani nayo?