Fupa la M'khosi mwa Achimwene

Linali fupa la ng'ombe, la pa bondo, lalikulu ngati chibakera cha munthu wamkulu. Aphunzitsi analitola kuseri kwa mabutchala a mumsika wa Ndirande, kuliboola ndi msomali wamoto n'kulowetsamo chingwe cha khonje. Silinaume bwino. Mvula ikagwa linkanunkha, ndipo amene walivala ntchentche zinkamulondola mpaka kuchimbudzi.

Lamulo lake linali lalifupi. Ukayankhula Chichewa pasukulu, ulivale. Kuti lichoke m'khosi mwako, ugwire mnzako akuyankhula Chichewa, umuveke. Amene belu la Lachisanu lamupeza nalo, agone chafufumimba pa tebulo la aphunzitsi, akwapulidwe.

Tinali mu Sitandade 5, ine ndi achimwene. Iwo anali aakulu kwa ine, koma anabwereza makalasi chifukwa cha chibwibwi mpaka ndinawapeza. Achimwenewo tawaika m'manda chaka chino. Abambo amene anasambitsa thupi anatuluka n'kundiitanira pambali, kundifunsa ngati malemu anakhalapo kundende, poti msana wonse unali mizeremizere. Ndinawayankha kuti ayi, anakhalapo kusukulu.

Amayi ankagulitsa makala m'mbali mwa msewu. Bambo anapita ku Joni ine ndisanayambe kuyenda, ndipo sanabwerere. Mawu a amayi anali amodzimodzi m'mawa uliwonse: "Dimba tinalisiya ku Chikwawa. Kuno mukalephera sukulu, mulima chiyani?" Anali mawu oona, ndipo ifenso tinkadziwa kuti ndi oona.

Dzinja limenelo aphunzitsi anatigwirira pa mawu okanira. Ankati Mzungu sakana chisawawa ngati ife, kukana kwake kuli ndi malamulo. Neither sayenda yekha, akalowa m'chiganizo ndiye kuti nor ali pakhomo. Never ndi hardly anakana kale, ukawonjezera not wakana kawiri, ndipo kukana kawiri kunali zikoti ziwiri. Panalinso not until, amene mpaka lero sindidziwa kuti amavomera kapena amakana. Tinkaimba zimenezi ngati nyimbo, mvula ikubuma pa malata obooka, ife titakhala pansi pa simenti yonyowa, madiresi atatimata. Zonsezi ankatifotokozera m'Chichewa akatopa, ndipo potukwana ankatukwana m'Chichewa chakupsa. Koma fupa silinkawafika iwo.

Chimene aphunzitsi sanaganize, kapena anaganiza koma sanasamale, n'chakuti palibe mmodzi wa ife amene anali ndi Chingerezi chokwana kucheza nacho. Choncho tinangokhala chete. Pa buleki bwalo lonse linkakhala zii, ana ochuluka chonchija akutafuna chimanga chokazinga osatsegula pakamwa. Ndiye wovala fupa akanamugwira ndani? Njira inali imodzi: kumupweteka mnzako mpaka alire. "Mayo!" ankawerengedwa kuti ndi Chichewa.

Tinayamba ndi kutsinana. Kenako kupondana pa zala zopunthwa. Kenako anyamata anayamba kubwera ndi minga, mapini, singano ya kampasi ya masamu. Mtsikana wina anamupana chala pa chitseko mpaka chikhadabo chinazuka, ndipo asanamalize kukuwa fupa linali kale m'khosi mwake. Ochenjera anaphunzira kulira m'Chingerezi, umubaya iye n'kumati "sorry, sorry," misozi ili chuchuchu. Pano ndikaganiza, ndimaona kuti pa nkhani ya fupa aphunzitsi ankamenya mwana mmodzi pa sabata. Ena tonsefe tinkamenyana tokha, kuwagwirira ntchito.

Tsiku lina fupa linafika pa mnyamata wina wamkulu, wandevu kale. Anasankha ine poti ndinali wochepa thupi. Anandigwira khutu n'kulipotokola ngati akutsegula mpopi. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva mchere wa magazi. Ndiye kumbuyo kwanga kunamveka mawu, opanda chibwibwi ngakhale pang'ono: "Musiye mwanayo!" Anali achimwene. Mnyamata uja anaseka, kundisiya, kuwaveka fupa.

Ndipo fupalo linathera pomwepo. Achimwene sanatsine munthu. Popita kunyumba, tikuwoloka mtsinje pa miyala, ndinawapempha kuti atsine wina aliyense, ngakhale ine ndemwe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndi-ndiye iwe u-ukatsina ndani?"

Sabata yoyamba aphunzitsi anawamenya monga ankamenyera aliyense. Koma m'kalasi munasintha. Anthu ataona kuti fupa lagona, anayamba kumasuka. Pa buleki ankakhala mozungulira achimwene n'kumacheza Chichewa pamaso pawo penipeni, kuseka, kuimba, kuwagawira mbatata. Ankadziwa kuti sawaveka. Phokoso linabwerera pabwalo, ndipo aphunzitsi analimva ali mu ofesi.

Apa m'pamene anasiya ndodo n'kubweretsa paipi yakuda ya madzi, yodula kutalika ngati mkono. Analemba chiganizo pa bolodi, ndipo ndi chiganizo chokhacho cha Chingerezi chimene ndingachinene chonse mpaka lero: I will neither speak Chichewa nor hide those who speak it. Tanthauzo lake, sindidzayankhula Chichewa kapena kubisa ochiyankhula. Achimwene ankayenera kuchinena atagona pa tebulo, osakakamira paliponse. Akakakamira, paipi, n'kuyambiranso poyamba.

Chibwibwi chawo chinkawagwira kwambiri pa mawu oyamba ndi n. Ndipo mawu onse okanira a Chingerezi amene tinkaphunzira ankangokhala ngati ayambira pomwepo. Ankafika pa neither n'kuima, lilime litakanirira kumwamba, mitsempha ya m'khosi itatupa. Paipi inkalira mosiyana ndi ndodo, inkalira mozama ngati ukumenya thumba lonyowa. Nthawi zina ankadutsa neither n'kukagwa pa nor. Aphunzitsi thukuta lili kamukamu, akuti, "Tchula mmodzi yekha, udzuke." Achimwene ankangoluma kolala ya malaya. Ife amene tinkacheza nawo pa buleki tinkayang'ana pansi.

Amayi ankadziwa. Lachisanu lililonse ankatenthetsa madzi, kuthiramo mchere, kuwathowa msana ndi kansalu. Ankangoti, "Pirira, mwanangu, chaka chitha. Sitandade 6 kuli aphunzitsi ena." Kale ndinkawaimba mlandu pa mawu amenewa. Nditabereka anga ndinasiya.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankakhoma mbaula ndi zidebe kumsika. Anali munthu wanthabwala, wa manja olimba ngati malata akewo. Lamulungu lina tikuchokera ku Misa anatipeza pakhomo, n'kuwamenya achimwene pamsana mwachikondi, akuti, "Bwanji bwana wa Chingerezi?" Achimwene anakuwa n'kugwada. Amalume anakweza malaya, ndipo malayawo anakwera pamodzi ndi khungu.

Sanakalipe. Amayi ndi amene anagwada pa dothi, kuwagwira amalume miyendo. "Achimwene, chonde musapiteko. Awachotsa sukulu ana anga." Amalume anangoti, "Mlongo, ngakhale bulu samumenya chonchi."

Lolemba analowa m'kalasi popanda odi, manja ali bii. Anafunsa kuti amene amamenya mwana uyu ndani. Aphunzitsi anawayankha m'Chingerezi, chala chikuloza pakhomo, ndipo sanamalize. Chibakera choyamba chinawagwetsera pa bolodi. Chachiwiri chinatulutsa dzino, linagubuduka pa simenti mpaka pafupi ndi phazi langa. Amalume anatenga paipi ija pa tebulo n'kuyamba kuwakwapula nayo, m'miyendo, pamsana, m'manja amene ankatchinga nawo nkhope. Magazi anadonthera m'bokosi la choko. Aphunzitsi anakwawira pansi pa tebulo akukuwa, "Mayo ine! Ndikufa! Ndithandizeni!" Wina kumbuyo anafuula kuti, "Chichewa! Avekeni fupa!" Kalasi yonse inaphulika. Tinaimirira, kuwomba m'manja, kuvina. Inenso ndinavina.

Amene sanavine ndi achimwene. Anawakumbatira amalume kumbuyo, kuwakoka ndi mphamvu zawo zonse, pakamwa pakuyenda koma mawu osatuluka. Anawagwira choncho mpaka aphunzitsi ena anafika, kenako apolisi. Apolisiwo anawakweza amalume m'galimoto ndi zidendene za mfuti, ndipo atatuluka m'chitokosi patapita masiku anali akutsimphina, kutsimphina kumene anafa nako.

Ife aphunzitsi aakulu anatiitanira mu ofesi tsiku lomwelo. Anatilanda mabuku a sukulu, nati banja la zigawenga alibe nalo malo, ndipo kalata yosamukira kwina tisaiyembekezere. Mawu amenewo sanandilowe. Ndinathamanga njira yonse, kudumpha zithaphwi, kuwasiya achimwene m'mbuyo akuyenda pang'onopang'ono. Ndinafika pa makala ndikupuma mwabefu. "Amayi! Amalume apambana! Aphunzitsi alira m'Chichewa! Atiuza kuti tisabwerenso!"

Amayi sanandimenye, sanalire. Anasendera pa chiguduli chawo kundipatsa malo, n'kundipatsa jumbo. Anagwira dzanja langa n'kulilowetsa m'thumba la makala. "Ang'onoang'ono uziyamba nawo pansi," anatero, "aakulu pamwamba, kasitomala aziwaona."

Ndinadzaza jumbo yoyamba, yachiwiri, ndikuimba. Manja anada mpaka m'zigongono, ndipo ndinkasangalala kuti amayi andikhulupirira ndi ntchito ya akuluakulu. Mumtima ndinkati ndiwathandize masiku awiri atatu, mpaka ukali wa aphunzitsi aakulu utaphwa.