Katundu wa mu Laputopu ya Achimwene

Achimwene anga ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula, kenako anadzakhala wolondolera njira. Tsiku lina la chiperoni anaterereka pathanthwe lonyowa chikwama cha mlendo chili kumsana, ndipo anatsika atanyamulidwa ndi anzawo pamachira. Kuchipatala anatiuza mosapsatira kuti msana wathyoka, miyendo sidzagwiranso ntchito.

Achimwenewo anali mkamwini. Nyumba anamanga ndi manja awo, koma malo anali a kuchikazi, ndipo kwathu kuno mkamwini amakoma akamagwira khasu kapena akamabwera ndi kajumbo madzulo. Alamu anga ankawasamalira ndi mtima wonse, ndisawanamizire. Koma atsibweni awo a alamuwo anayamba kubwerabwera, kukhala pakhonde, n'kumafunsa mokweza ngati munthu wodwala chonchi sangapeze bwino pakati pa abale ake. Achimwene ankamva zonsezo ali gone m'kati.

M'sutikesi mwawo munali laputopu yakale imene mlendo wina anawasiyira. Ntchito yake inali imodzi yokha, kusunga zithunzi zimene alendo ankawapatsa. Munali achimwene ali chilili pa Sapitwa mitambo ili pansi pawo, achimwene akuwoloka mtsinje chikwama pamutu, achimwene akuseka pamathithi mano onse panja. Tsopano anaganiza zoti laputopuyo iwapulumutse.

"Miyendo yapita, koma phiri lonse ndili nalo m'mutu," anandiuza. "Alendo azilembera ine, ine ndiziwapezera anyamata. Tione ngati madala ajawa adzabwerenso pakhonde panga."

Anaitana ine, mlongo wawo wamng'ono, chifukwa ndimagwira ntchito yotaipa ndi kusindikiza mapepala m'kashopu kena pa Chitakale, ndiye pabanja pathu ndimatengedwa ngati katswiri. Nditaiyatsa ndinapeza kuti sisitimu yake, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse m'makinamo, inali yakale moti masamba a pa intaneti ankakana kutseguka. Nditayesa kuikamo yatsopano, nayo inakana, n'kulemba kuti makinawa ndi okalamba, sangaikwanitse. Komabe pali njira yoinamiza. Umakonza fulashi mwakuti sisitimuyo isafufuze msinkhu wa makina, ingolowa basi. Ndinabwereka fulashi kuntchito, n'kuikonza motero.

Linali Loweruka m'mawa. Ndinakhala pamphasa pambali pa bedi lawo, laputopu ili pampando. Bodza lathu linagwira, sisitimu inavomera kulowa. Kenako inafunsa ngati tisunge zimene zinalimo kale kapena tifufute zonse.

"Fufuta zonse," anatero achimwene.

"Achimwene, zithunzi zanu zili momwemo. Sizikusokoneza kanthu."

"Iwe chemwali, phiri sunakwerepo. Mlendo akabwera ndi chikwama cholemera, timachitsegula pansi pomwepo n'kuchotsa zosafunika. Wokakamira katundu wake amathera panjira. Nkhalamba iyi ukufuna uisenzetse mtolo watsopano, wakale uli pamutu?"

Ndinawafotokozera kuti kompyuta si munthu, kuti chofooka ndi zitsulo za m'kati, zithunzi zilibe mlandu. Anangopukusa mutu. Ndinawapempha kuti tidikire ndipeze fulashi ina yosungiramo, popeza foni yanga inali yodzaza. Anati nyengo ya alendo yayamba kale, ndipo atsibweni aja akubweranso mawa akaweruka kutchalitchi. Mtima unandiwawa, ndinakwiya ndithu, chifukwa achimwene akagwira mfundo sungawasunthe, n'chimodzimodzi kukankha chitsa.

"Batani lake ndi liti?" anafunsa.

Ndinawalozera, ndikuganiza kuti mwina achita mantha. Anatambasula dzanja n'kudina okha.

Masana laputopu inadzuka ndi nkhope yatsopano. Inkalira ngati chigayo ndipo inkatentha pansi, koma inadzuka. Kachipangizo kake kogwirira intaneti sikanagwirizane ndi sisitimu yatsopanoyo, choncho tinalumikiza ndi foni pa chingwe. Tsamba loyamba litatseguka, achimwene anaseka koyamba chigwereni. Anaitana alamu kuti adzaone, n'kunena kuti, "Waona? Yapepukidwa." Sindinawatsutse.

Anayamba kulembera alendo awo akale ndi chala chimodzi, Chingerezi chawo cha m'phiri chija. Ena anayankha ndi mawu achipepeso. Mmodzi anati abwera ndi anzake, amukonzere ulendo. Achimwene anasankhiratu anyamata onyamula katundu, njira yodzera, ndi malo ogona. Atsibweni atabwera anapeza mkamwini wawo ali pantchito, ndipo tsiku limenelo anangomwa tiyi n'kumapita.

Koma sisitimu imene yalowa mwabodza siiwala kufufuza. Tsiku lina inakoka yokha zinthu zatsopano pa intaneti, inazima kuti iyakenso, osayakanso. Panangotsala mdima ndi kampira kozungulira pakati. Ndinabwera n'kuikamonso. Inayenda pang'ono, n'kufanso chimodzimodzi. Ndinayesa kutseka njira yokokera zatsopanozo, koma apo mawu anasowa, apo zilembo zina zinaleka kugwira. Pamene ndinkaidzutsa kachitatu, mlendo uja anali atalemba kangapo osayankhidwa, n'kupeza wina womulondolera. Nyengo ya alendo inatha, mvula inagwa.

Panalibe mkangano. Atsibweni anabwera ndi akuluakulu ena, n'kunena mwaulemu wonse kuti achimwene akapumeko kwawo, chifukwa mwana wawo, alamu anga aja, watopa. Mawu akuti kupumako tonse tinawamva tanthauzo lake. Alamu ankalira kuseri kwa nyumba. Tinawatenga pa galimoto yonyamula nthochi, atagona pamatiresi, laputopu ataikumbatira pachifuwa. Ana anatsala ndi mayi awo, monga mwa mwambo wathu.

Tsopano amakhala kwa ine. Bedi lawo tinaliika pafupi ndi windo, koma anapempha kuti tilitembenuze, chifukwa windolo limayang'ana kuphiri. Laputopu ndinaidzutsanso, imayaka ikafuna, ndipo palibe amene amaigwiritsa ntchito.

Tsiku lina masana, ndikuwasintha zofunda, anandigwira dzanja.

"Chemwali, tayatsa makina aja. Uyang'ane bwinobwino, mwina chithunzi china chinabisala pakona."

Ndinkadziwa kuti mulibe kanthu, koma ndinayatsa. Ndinatsegula paliponse pamene pakanatseguka, iwo akutsatira chala changa ndi maso. Monse munali mopanda kanthu. Makina ankangolira pamiyendo panga.

"Mwana wanga wamng'ono uja sanandionepo nditaimirira," anatero. "Ndimafuna chimodzi chokha, choti adzaone."