Amalume athawira ku Mozambiki ndi mbatata

Mwaswera bwanji nonse.

Tikuchoka ku Lizulu ndi amalume a Jailosi pa kapikapu kawo ka mbatata kaja, tinaona apolisi apamsewu kutsogolo. Inshuwalansi paja inatha kalekale. Amalume anangokhotera tsidya linalo la msewu n'kuimika, paja pamenepo msewuwo ndiye malire a Malawi ndi Mozambiki.

Wapolisi atayandikira, iwo akuti, "Bwana, pano ndi pa Mozambiki. Malamulo anu athera pa tala pomwepo."

Wapolisiyo osakwiya. Anangobwereka mpando kwa mayi wogulitsa kabichi n'kukhala m'mbali mwa msewu. "Palibe vuto bambo, mukamabwerera ku Malawi mundipeza."

Ine ndakwera minibasi, ndafika bwino. Amalume akadali kunja kwa dziko, mbatata ikupsa ndi dzuwa.

Ndiye abale, tiwadulire inshuwalansi, kapena tingowatumizira pasipoti azikhala konko?