Kaseti Yokanirira mu Minibasi ya ku Chipata

Tinanyamuka ku Chiparamba dzuwa litangotuluka, mwana wanga Taonga ali kumsana, thupi likutentha ngati mbaula. Kuyambira dzulo lake anali atakana bere.

Pamsewu tinapeza minibasi yoyera yongofika kumene kuchokera ku Japan, zilembo zake zonga mapazi a nkhuku zidakali pachitseko. Kondakitala analandira wani sauzande yanga, nati mwana ndi waulere bola asasanze.

Titangoyamba kuyenda munalira nyimbo. Ankaimba atsikana awiri, wina mawu oonda, wina okhuthala, akulandizana ngati anthu awiri osinja mumtondo umodzi, misi osagundana. Kuimba kotero ndinali ndisanakumvepo, ngakhale kukwaya ya kumishoni.

"Adalaivala, tiikireni za kwathu," anatero abambo ena onyamula tayala la njinga.

"Kasetiyi inabwera ndi galimoto, madala, ndipo inakanirira. Mukaifuna kunja, gulani minibasi yonse," anayankha dalaivala.

Tikuyandikira msewu wa tala, amayi amene ndinakhala nawo anandigawira chinangwa chootcha, kenaka anandigwira mkono.

"Amake mwana, tamverani. Akuti achira."

Ndinatchera khutu. Pakati pa chilankhulo chosamvekacho atsikana aja ankabwerezadi mawu amodzi, bwinobwino: achira, achira. Anthu a kutsidya kwa nyanja anadziwa bwanji za mwana wanga? Ngakhale abambo a tayala aja anavula chipewa.

Tinafika kuchipatala cha m'tauni dzuwa litakwera. Pamzere woyezetsa magazi ndinkang'ung'udza nyimbo ija kuti mwana atonthole. Woyeza magazi anali mayi wa ku Japan, wodzathandiza ntchito kuno. Anaimitsa dzanja, maso ali tong'o.

"Amayi, nyimbo iyo, inu kumva kuti?"

Nditamuuza za minibasi anaseka mpaka misozi. M'Chinyanja chake chothyokathyoka anandifotokozera kuti awiriwo anayamba kuimba ali pasukulu, kenaka ankadzaza mabwalo a mpira, atsikana onse akumeta ngati iwo, iyenso. Pambuyo pake anasiyana, wina atakwatiwa.

"Nanga achira?" ndinafunsa.

"Kwathu achira ndiye kuti uko, kutali."

Ndinamukumbatira mwana wanga. Kwathu mwana wodwala satchulirwa za kutali. Iye anaona nkhope yanga, nafunsa tanthauzo lathu. Nditamuuza anabaya kachala ka Taonga mosamala.

"Lero tigwiritsa la kwanu," anatero.

Anali malungo. Anatigoneka, namuika botolo la mankhwala. Mawa lake masana ndikudya chikondamoyo chimene alamu anga a ku Kapata anabweretsa, ndinamva kadzanja kakufufuza mubulauzi. Taonga anayamwa mpaka thukuta pamphuno.

Ndinaphunzira kuti mawu amatha kunyamuka kwawo ndi katundu wina, n'kudzatula wina. Awiri aja sadziwa kuti kuli Chiparamba, koma anandiperekeza kuchipatala.